Masitepe Khumi Kumbuyo Kwanga

Sendezani kuno pang'ono, mawu anga sapita patali. Ngakhale kusekondale aphunzitsi ankachita kuwerama pa desiki panga kuti amve yankho. Nkhani iyi ndinakhala nayo m'mimba miyezi isanu ndi itatu, ndipo kukhala chete kwangako kunatsala pang'ono kuipitsa mbiri ya munthu amene sanandilakwirepo.

Ndine Fainesi. Kwathu ndi ku Phalombe, m'tsinde mwa phiri la Michesi. Achimwene anga a Laudoni anakagwira ntchito ku Joni zaka zinayi, ndipo pa katundu yense amene anabwera naye, chimene ankachikonda kwambiri chinali kawayilesi kakuda kokwana m'chikhatho. Kanalibe mlongoti, kanalibe waya. Kankatapa intaneti pa foni, nkumagwira mawayilesi a dziko lililonse. Ankati anakagula chifukwa cholakalaka kumudzi, kuti ali kunjako azimva mpira wa kuno ndi mauthenga a maliro. Koma atabwerera anayamba kulakalaka kumene anachoka. M'mawa uliwonse ankatsegula wayilesi ya ku Joni, mayi wina wolankhula mothamanga akufotokoza m'Chizulu misewu imene yadzaza magalimoto.

"Inu bambo," akazi awo a Elube ankatero akusesa pabwalo, "msewu wa ku Joni ukadzaza, mbuzi zanu zichedwa kuntchito?"

"Ndisiyeni mayi, ndikungofuna kudziwa kuti bwana wanga wakale akutukwanira pa msewu uti lero."

Ine anandiphunzitsa okha mmene kankagwirira ntchito. "Fai, aka nkanzeru kuposa amalume ako. Foni ikalumikizidwa kamodzi kokha, sikaiwala. Mwini foniyo akayandikira masitepe khumi, kamalira kuti tuu-tii, kagetsi kofiira aka nkusanduka kobiriwira, kenako kamapitiriza zimene foniyo inasiyira. Akatalikira, kamadula."

Achimwene ankameta anthu pamsika wa pamlatho, ndipo sankakaniza munthu kulumikiza foni yake. Mayi Alinesi, amene ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi benchi lawo, anali ndi nyimbo imodzi yokha pa foni yawo, ya amayi a kutchalitchi kwawo, ndipo ankaibwereza tsiku lonse mpaka ometedwa kuyamba kudandaula. Achimwene ankangoseka, nkuwonjezera mawu.

Chaka cha napolo chija, mvula inagwa masiku atatu osapuma. Tsiku lachitatu ndinauza amayi kuti ndikupita kukwaya. Sindinapite kukwaya. Ndinawoloka mtsinje wa Namphende pamkuyu, pamene timadumpha pa miyala, nkukwera mtunda kupita kwa mnyamata wina dzina lake Lufeyo, amene makolo ake anali atachoka. Cha m'ma fili koloko masana phiri linayamba kulira ngati mathiraki ambiri akutsitsa miyala. Ndinachita mantha kuwoloka ndekha, ndinachitanso mantha kuimbira amayi. Ndinaimbira achimwene.

"Uli kuti, Fai?"

Ndinatchula malowo motsitsa. Anaseka.

"Chemwali wanga wa kwaya uja? Khala pompo, usayerekeze kuwoloka wekha. Ndikubwera ndi ambulera, ndidzera pamkuyu. Ndikufikitsa kunyumba, ndipo sindiuza munthu."

Sanauzedi munthu. Kwa a Elube ananena kuti akupita kumsika kukafunditsa makina ometera. Kawayilesi anakasiya pawindo kuopa mvula.

Napolo anatsika ola limodzi lisanathe. Anatenga mlatho, anatenga msika wonse ndi mabenchi ake, anatenga mayi Alinesi ndi anthu ena ambiri. Pamkuyu anadutsanso. Ine ndinadikira pakhonde la anthu ena mpaka kunja kunada, ndikuyang'ana njira. M'mawa mwake ndinauza amayi kuti ndinagona kutchalitchi. Palibe anafunsa zambiri, aliyense anali kufunafuna anthu ake m'matope.

Tinakumba masabata awiri osawapeza. Amalume a Khwiya, amene amayang'anira mbumba yathu, anagamula kuti tiike thunthu la nthochi m'bokosi, monga zimachitikira munthu akasowa chonchi. Koma m'banja mwathu thunthulo sililowa m'manda wachibale asanapite pamalo pamene munthuyo anathera. Amamuitana dzina katatu, nkumuuza kuti tiyeni, ndipo amayenda naye mpaka kumanda osacheuka, osayankha moni wa munthu. Amalume anapita pamene panali mlatho. Anaima pa matope ouma nkuitana, "Laudoni! Laudoni! Laudoni!" Ine ndinali pakati pa azimayi, ndikudziwa kuti akuitanira pamalo olakwika. Ndinatsegula pakamwa. A Elube anandiona ndikunjenjemera, anaganiza kuti ndikuzizidwa, anavula chitenje chawo chapamwamba nkundifunditsa. Ndinatseka pakamwa paja.

Achimwene ankakhala chikamwini, m'mudzi wa akazi awo, choncho amayi ananditumiza kukakhala ndi alamu angawo mpaka tsiku losudzula, tsiku limene akuchimuna amamasula mkazi wamasiye kuti ayambenso moyo wake. Tinakhala awiriwiri. A Elube anali ndi kachizolowezi kamene sindinkakafunsa. M'mawa uliwonse ankachotsa kawayilesi pa sola, nkukayatsa, nkukaika pawindo. Kanalibe choimba, chifukwa foni ya achimwene inafera m'madzi ndipo yanga ndi ya mabatani yopanda intaneti. Kagetsi kankangoyaka kofiira tsiku lonse. Akamapukuta fumbi, ankayamba ndi iko.

Zinayamba mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. M'mawa wina ndikulowa ndi ndowa ya madzi pamutu, ndinamva pawindo.

Tuu-tii.

A Elube anali kupeta nandolo pakhonde. Lichero linaima. Kenako mayi wa ku Joni uja anayamba kulankhula m'nyumba mwathu, mawu akuthamanga, akutchula misewu. Analankhula kanthawi kochepa, mawu nkuyamba kudukaduka, nkutha. Kagetsi kanafiira.

"Fai," alamu anatero osadzuka, "pita ukaone ngati padutsa munthu kuseli."

Kuseli kunalibe munthu. Kunali nkhuku zokha, ndipo zonse zinali zitaunjikana pansi pa nkhokwe monga zimachitira mvula ikamabwera, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

"Mwina wina anatola foni ya achimwene m'matope," ndinatero.

"Foni yokhala m'matope miyezi isanu ndi iwiri? Nanga bandulo akugula ndani?"

Tsiku limenelo sitinaphike masana.

Kanaliranso mawa lake, ndi mkuja wake. Nthawi zina kamodzi, nthawi zina kasanu. Tinayamba kuyenda m'nyumba ngati alendo, kuyankhulana monong'ona. A Elube ankayamba ntchito nkuisiya, kutuluka panja, kubwerera, kukhala, kudzukanso. Ine ndinkapeza tizinthu tosakhala m'malo mwake. Masilipasi anga ndinkawasiya pabwalo, koma ndinkawapeza atasunthidwira pansi pa denga, atayalidwa bwinobwino. Zovala zanga zokha ndinazipeza tsiku lina zitachotsedwa pa chingwe, zitapindidwa pa mpando wa pakhonde, za alamu zili pompo padzuwa.

"Zikomo alamu," ndinatero.

"Zikomo ya chani?"

Ndinatola zovala zija nkulowa nazo m'nyumba.

Pa msomali wa kuseli kwa chitseko, pamene achimwene ankapachika ambulera, khoma linayamba kuchita chinyontho. Kachigawo kakang'ono, kotalika ngati mkono. Ndinakagwira, kanali kozizira, ndipo kankanunkha dothi lofiira la kuphiri.

Lachiwiri lina ndinapita kuchigayo. Pobwerera ndinaimitsa wakabaza, bambo wachikulire amene sindinamuonepo kudera kwathu. Anandimangirira thumba la ufa mosamala, anayala kansalu pa mpando kuti ndisadetse siketi. Nditakwera sananyamuke. Anali kuyang'ana kumbuyo kwanga.

"Nanga akuluwo? Ndiitane mnzanga awatenge?"

"Akulu ake ati?"

"Okuperekezaniwo. Koma ndiye ndi ochenjera, mwezi uno ambulera atsegula kale." Anaseka, kenako kusekako kunathera pakati. Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Pepani chemwali, dzuwali likutipusitsa."

Anapalasa njinga ngati akuthamangitsidwa. Pakhomo anatsitsa thumba langa, sanadikire ndi madzi akumwa omwe. Nditangoponda pakhonde, pawindo panalira.

Tuu-tii.

Nkhani sinachedwe kufika kwathu. Anthu odutsa ankamva Chizulu m'nyumba ya mkazi wamasiye, ndipo ena anayamba kuzungulira njira. Kutatsala sabata imodzi kuti tisudzule, amalume a Khwiya anabwera ndi amayi. Amalume anagwira ulonda ku esiteti ya tiyi zaka zambiri, ndipo amakonda kunena kuti palibe chimene chinawathawitsapo pa geti. Anakhala pa mpando, anaika kawayilesi pa tebulo patsogolo pawo.

"Ndi aka kakuzunguza mudzi? Kasopo aka?" Anakagogoda ndi chala. "Lankhula timve. Ife Chizulu tinachimvapo kwa madalaivala."

Ndinali kukhitchini. A Elube anandiitana kuti ndibweretse tiyi. Ndinalowa ndi thireyi, ndipo ndisanaitule kagetsi kanasintha.

Tuu-tii.

Mayi wa ku Joni uja analankhula momveka kuposa masiku onse, ngati ali pampando wachinayi. Amalume anabweza mapazi pansi pa mpando. Amayi anayamba kulira chamumtima. Patapita nthawi amalume anatambasula mkono nkukazimitsa, anapukuta chala chija pa buluku.

"Ine ndinamuitana bwino mphwanga," anatero, nthabwala zitatha. "Katatu. Sindinacheuke, ngakhale abusa anandipatsa moni panjira sindinayankhe. Munthu woitanidwa bwino sabwerera pakhomo popanda chifukwa." Anayang'ana a Elube. "Mayi, sindikukunenani. Koma munthu sachoka pa nyumba yake mvula ngati ija chifukwa cha makina ometera. Kodi munayambana? Kapena pali wina amene amayenda pano amene mwini nyumba sakukondwa naye?"

"Malume!" a Elube anatero. "Ine?"

"Ndikufunsa chabe. Anthu akulankhula. Loweruka sitisudzula. Sitingamasule munthu mwini wake akukana."

A Elube sanalire. Anatenga makapu, anakatsuka, ngakhale tiyi anali asanamwedwe. Madzulo ake kumjigo amayi a m'mudzimo anasuntha zidebe zawo titafika, ndipo wina ananena mokweza, akuyang'ana kumbali, kuti pali akazi ena amene amuna awo amachita kuwalondera ali kumanda. Pobwerera alamu anandisenzetsa ndowa yanga kaye, nkundikonzera nkhata imene inali itapendekeka, kenako nkudzisenza okha.

Ine ndinali nditayamba kale kuona chinthu chimene ena sanachione. Kawayilesi sikankalira a Elube ali okha. Kankalira ine ndikalowa.

M'mawa mwake alamu atapita kudimba, ndinakayatsa nkukaika pa mtondo pabwalo. Ndinayenda kulowera kunjira, ndikuwerenga. Nditadutsa masitepe makumi awiri, ndinacheuka. Kofiira. Ndinabwerera pang'onopang'ono. Ndisanafike pamtondo, tuu-tii. Ndinachokanso, kanadula. Ndinabwerera, kanalira. Ndinachita zimenezi kanayi, thukuta likutsika m'miyendo. Kachisanu ndinakanyamula m'manja nkuyenda nako mpaka kuseli kwa khola, mpaka kumunda wa nandolo, mpaka kumalire. Sikanadule ngakhale kamodzi.

Ndinaima pakati pa munda. Kunali zii, mayi wa ku Joni yekha akutchula misewu m'manja mwanga. Kumbuyo kwanga tsamba louma linaphwanyika, limodzi lokha, monga munthu akaima chifukwa amene akumutsatira waima.

Achimwene sankalondera akazi awo. Anali asanamalize ulendo umene anandilonjeza.

A Elube anandipeza nditakhala pakhonde, kawayilesi kali pamiyendo.

"Zimitsa ako, Fai, mutu ukundiwawa."

"Alamu, khalani pansi."

"Ndiyambe ndatula khasu."

"Achimwene sanapite kumsika."

Sindikudziwa mmene mawu anatulukira. Ndinanena zonse, za kwaya, za Lufeyo, za foni, za pamkuyu. Ndinanena ndikuyang'ana zala zawo za kumapazi zimene zinali ndi matope a kudimba. Nditamaliza a Elube anatula khasu lija pansi.

"Miyezi isanu ndi itatu," anatero. "Lamulungu lililonse ndimapita pamlatho paja kukalankhula nawo. Ndimalankhula ndi matope a anthu ena, iwe uli pambali panga utandigwirira chikwama."

"Pepani alamu."

"Dzulo pamjigo unamva. Unamva, Fainesi, uli ndi makutu."

"Ndinamva."

Analowa m'nyumba nkutseka chitseko. Ndinamva akulira, kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro. Ndinakhala pompo mpaka mthunzi wa nyumba unafika pamtondo. Kenako chitseko chinatseguka. Anali atasamba kumaso, atavala mpango wakuda.

"Dzuka. Ukawauze wekha amalume ako, ndi pakamwa pako. Ine sindikulankhulira." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndipo uvale nsapato, njira ya pamkuyu ili ndi minga."

Amalume tinawapeza akusoka mphasa. Ndinagwada patali.

"Sendera, mwana iwe, ukudziwa kuti khutu ili linafera ku esiteti."

Ndinasendera, nkunena kachiwiri, amayi akumva, ndi azakhali amene anabwera kudzapala moto akumva. Ndinadziwa kuti pofika madzulo mudzi wonse udzakhala utadziwa kumene mwana wa kwaya anagona tsiku la napolo. Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje. Amalume anabaya singano pa mphasa.

"Ndiye ine ndinayenda mtunda wonse uja ndekhandekha? Kukana moni wa abusa, kumbuyo kulibe munthu?" Anapukusa mutu. Kenako anavula chipewa nkutembenukira kwa a Elube. "Mayi, ndinakulakwirani pamaso pa anthu. Ndidzakonza pamaso pa anthu omwewo."

"Mukamuitanenso, achimwene," amayi anatero kwa amalume.

"Ine ayi. Sanatuluke m'nyumba chifukwa cha ine. Anapita kukatenga uyu." Anandiloza ndi chala. "Mawa m'mawa. Uitane mokweza, Fainesi, osati zako zong'ung'udza zija. Ukayamba kuyenda usacheuke, kaya umve chani."

Tinanyamuka dzuwa litangotuluka, ine ndi a Elube. Amalume ndi amayi anakatidikira kumanda. Kumwamba kunali mitambo yoyamba ya Novembala, yolemera, yosayenda. Pamkuyu ndinali ndisanapondepo chichitikireni ngozi ija. Mtengo unalipo theka, mbali ina itang'ambika, ndipo pamene panali mtsinje wopapatiza panali chigwembe chodzaza miyala ikuluikulu ngati nyumba. Panalibe mbalame.

Chodabwitsa, kuyambira pakhomo kawayilesi kanali kofiira njira yonse.

"Atsogola," a Elube ananong'ona. Anandifinya dzanja, nkubwerera m'mbuyo. "Ndidzera njira ya kusukulu. Uwu ndi ulendo wanu awiri."

Ndinatsala ndekha. Ndinawoloka chigwembe chija mpaka tsidya limene ndinadikira tsiku lija, nkutembenuka kuyang'ana kumudzi. Ndinagwira kawayilesi pachifuwa.

"Achimwene," ndinatero. Mawu anathera pamilomo.

Ndinakoka mpweya. "Laudoni!" Dzina limene sindinalitchulepo lopanda ulemu chibadwire. Linagunda miyala nkubwerera. "Laudoni! Laudoni! Ndine Fai. Ndadikira. Tiyeni kunyumba."

Tuu-tii.

Ndinayamba kuyenda. Pa mwala woyamba phazi linaterereka, ndipo china chake chinandigwira pa chigongono, pang'ono chabe, kozizira, nkundisiya nditaima bwino. Sindinacheuke. Kumbuyo kwanga timiyala tinkagubuduka pamene ine ndaponda kale. Fungo la dothi lonyowa linali paphewa panga.

Titakwera mtunda mvula inayamba. Madontho akuluakulu anagwa pa fumbi kutsogolo kwanga, kumanja, kumanzere. Ndinamva akugunda pamwamba pa mutu wanga, phaphapha, monga mvula imalirira pa nsalu yokokedwa. Tsitsi langa linali louma. Maso ndinawasunga pa njira, chifukwa ndinadziwa kuti ndikangokweza mutu ndiona chimene sindiyenera kuona.

Tinadutsa pamjigo. Amayi aja anali atabisala pansi pa mtengo wa mango. Wina anayamba kuti, "Mwadzuka bwa…" mnzake anamutseka pakamwa. Ndinamva zidebe zikugwa. Galu wa pagolosale, amene amauwa aliyense, analowa pansi pa benchi. Mayi wa ku Joni ankalankhulabe, osadukiza, mtunda wonse umene kulibe ndi netiweki yomwe.

Njira ya kumanda imadutsa pakhomo pa amayi. Pamenepo mapazi a kumbuyo aja anaima. Ndinamva kuti aima, ndipo mawu a kawayilesi anayamba kudukaduka pamene ndinkapitirira. Ndinazindikira. Anati andifikitsa kunyumba. Ndinabwerera chammbuyo osatembenuka, ndinakhota, nkuponda pakhonde la amayi ndi mapazi onse awiri.

"Ndafika, achimwene," ndinatero. "Zikomo. Tsopano ndikuperekezeni ine."

Pamwamba pa mutu wanga panamveka kaphokoso kofewa, ngati nsalu ikupindidwa. Nditatsika pakhonde mvula inandimenya kumaso koyamba. Ndinayenda ndikunyowa, mapazi aja akubwera pambuyo, pafupi kuposa kale.

Kumanda amalume anali ataima pa mtumbira wa achimwene, chipewa m'manja, amayi ndi a Elube atagwirana. Ndinafika nkuima. Amalume analankhula mawu ochepa, kumuuza mphwawo kuti malo ake ndi ano, kuti mkazi wake alibe mlandu, kuti mlongo wake wafika bwino. Mayi wa ku Joni anali pakati pa mawu. Sanadukize monga ankachitira. Mawu anangotsika pang'onopang'ono, ngati munthu akulowa m'chipinda china, mpaka tinatsala ndi mvula yokha.

Kagetsi kanafiira.

A Elube anapuma mpweya wautali. Anabwera nkundipukuta kumaso ndi nsonga ya mpango wawo. Amalume anavala chipewa.

"Loweruka tisudzula," anatero. "Ndipo kasopo ako ukazimitse, mwana iwe, ndisanakaponye m'chimbudzi."

Tinatuluka kumanda, iwo patsogolo, ine pambuyo. Ndinali kufunafuna batani lozimitsira ndi chala chonyowa.

Tuu-tii.

Tonse tinaima. Sichinali Chizulu. Anali amayi a kutchalitchi, mawu ambiri pamodzi ndi kuwomba m'manja, nyimbo imodzi ija imene ometedwa pamsika ankaidandaula. Fungo la mafuta okazingira linadutsa mumvula, nkutha.

"Alinesi," amayi ananong'ona.

Mayi Alinesi sanapezeke, ndipo kwawo sanaike ngakhale thunthu la nthochi. Amuna awo amakana. Mpaka tsiku limenelo ankasiyabe chitseko chosakhoma.

Amalume anavulanso chipewa. "Amene anaitana pamlatho paja ndi ine," anatero motsitsa. "Ndinaitana Laudoni. Kaya anamva ndani."

"Fai," a Elube anatero, "achimwene ako analumikiza mafoni angati pa kanthu aka?"

Sindinadziwe. Msika wonse unkadziwa kuti sakaniza.

Chala changa chinali pa batani. Nyumba ya mayi Alinesi ili kutsidya kwa sukulu, ndipo amuna awo ndi munthu amene sindinamulankhulepo chibadwire. Ndinachotsa chala chija. Ndinauza alamu kuti asandidikire pa chakudya, ndinakhota kulowera njira ya kusukulu, ndikukonzekera m'mutu mmene ndikaodire mokweza kuti andimve. Ndinayenda pang'onopang'ono, chifukwa mayi Alinesi anali ndi vuto la bondo.